Mtsinje Ukacepa Madzi: Mbiri ya Usodzi wa Salmon ku Scotland

Nkhani yathu ya lero icokera kutali, ku dziko la Scotland ndi maiko oyandikana nalo. Ikamba za nsomba ziwiri zimene ambiri a ife sitinazionepo zamoyo: yoyamba dzina lace salmon, yaciwiri ndi mbale wace, trout ya m'nyanja. Koma funso liri m'kati mwa nkhaniyi ndi lodziwika kwa munthu ali yense wobadwira m'mbali mwa mtsinje. Mvula ikaleka, madzi nacepa, nsomba zisonkhana m'maiwe mmene ziribe kothawira. Kodi pamenepo munthu acite nazo ciani? Anthu a ku Scotland alimbana ndi funso limeneli zaka zoposa 700, ndipo mayankho ao tiwapeza m'malamulo ao ndi m'mawedzedwe ao.

MOYO WA NSOMBAZI

Tiyambe tadziwa nsombazo. Salmon ibadwira m'timitsinje ta kumapiri. Kumeneko nsomba yaikazi ikumba kadzenje m'nsangalabwi ndi cipsepse cace, niikira mazira m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, imene ndiyo nyengo ya cisanu m'maiko amenewo. Kansomba kakaswa kakhala mumtsinje zaka ziwiri kapena zitatu, kosaposa cikhato ca munthu m'litali. Pambuyo pace kasanduka koyera ngati siliva, nikatsikira ku nyanja ya mcere. Zina zifika kufupi ndi dziko la Greenland, ulendo woposa mamailosi 1,500, kukadya tinsomba ta m'madzi ozizira. Patapita caka cimodzi, ziwiri kapena zitatu, nsomba ija ibwerera ku mtsinje womwewo umene inabadwiramo, ndipo ophunzira apeza kuti iuzindikira ndi pfungo la madzi ace. Akulu athu anati madzi saiwala khwawa. Salmon nayonso siiwala kwao. Pobwerapo ibwera itanenepa ndithu. Pa 7 Okutobala 1922, mai wina dzina lace Georgina Ballantine anawedza salmon yolemera mapaundi 64 mumtsinje wa Tay, ndipo kufikira lero imeneyo ndiyo iwerengedwa yaikulu koposa zonse zogwidwa ndi mbedza m'Britain.

Zinthu ziwiri tizisunge m'mutu. Coyamba, salmon ikalowa m'madzi opanda mcere ileka kudya. Ikhala ndi moyo ndi mafuta a m'thupi mwace, mwina miyezi yambiri, kufikira itaikira mazira. Caciwiri, kuti ikwere mtsinje ifuna madzi atsopano a mvula. Mvula ikasowa m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti, imene ndiyo nyengo yao ya dzuwa, nsomba zina zidikira pa mathiriro a mtsinje, zina zitsekeredwa m'maiwe. Madzi akatentha mpweya ucepamo, ndipo nsomba ifooka, ningoima pambali pa mwala, yoonekera poyera kwa ali yense woimirira pa gombe.

Trout ya m'nyanja ndi mtundu womwewo wa trout ya m'mitsinje, koma imene yatsikira kukakulira ku nyanja ya mcere. Siipita kutali monga salmon, ndipo kawirikawiri ikhala yocepako. Ikhoza kukwera mtsinje usiku ngakhale madzi ali ofika m'kakolo mokha, koma mantha ace ngoposa: mthunzi wa munthu ukagwera pa dziwe masana, zonse zibalalika.

MALAMULO A MAFUMU AKALE

Kuyambira kale lomwe salmon inali cuma ca Scotland. Ankaithira mcere m'migolo, naitumiza pa zombo kucokera ku madooko a Aberdeen, Perth ndi Berwick kunka ku France ndi ku Flanders, ndipo mfumu inkalandirapo msonkho. Njira imodzi yaikulu yogwirira inali kuchinga mtsinje ndi mpanda wa miyala ndi mitengo, wokhala ndi mipata moikamo misampha, monga momwe ife ticitira pomanga biyo ndi kucheramo miono. Pa madzi osefukira nsomba ikhoza kulumpha mpanda wotere. Pa madzi ocepa iai, iri yonse yokwera ilowa mumsampha.

Mafumu anaona msanga kuti mtsinje wochingidwa kotheratu ufa. Lamulo lina, lolembedwa zaka zoposa 700 zapitazo, linati pakati pa mtsinje pasiyidwe mpata wakuti nkhumba yonenepa ya zaka zitatu ikhoza kutembenukirapo osakhudza mpanda ndi mphuno kapena ndi mcira. Muyesowo ngoseketsa, koma munthu ali yense wa kumudzi anaumva. Analamulanso kuti kuyambira Loweruka madzulo kufikira Lolemba m'mawa misampha izikhala yotsegula, nsomba zipite mwaufulu. M'caka ca 1318, pa nthawi ya Mfumu Robert Bruce, anaika muyeso wa timipata ta misampha ya kumathiriro, kuti ana a nsomba azipulumuka. M'caka ca 1424, pa nthawi ya Mfumu James I, anati wopha salmon m'nyengo yoletsedwa alipire masheleni 40, ndipo wogwidwa kacitatu ataye moyo wace kapena auombole ndi cuma. Kubwerezabwereza kwa malamulo otere kutiuza kuti anthu sanali kuwasunga bwino. Komabe maganizo ace anakhazikika, akuti nsomba yopita kukaikira mazira iri ngati mbeu ya m'nkhokwe, ndipo munthu wanzeru sadya mbeu.

KUOCHA MADZI

M'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Tweed, kumalire a Scotland ndi England, munali mwambo umene ankaucha kuocha madzi. Usiku wa mdima, madzi atacepa ndi kuyera, amuna ankakwera ngalawa atanyamula muuni wa nsanza ndi matabwa a phula, woyaka m'dengu lacitsulo. Kuwala kwace kunkaonetsa nsomba ziri gone pansi, ndipo ankazibaya ndi mkondo wautali wa mano atatu kapena asanu. Masana a dzuwa lowala ankacitanso cimodzimodzi popanda muuni. Sir Walter Scott anafotokoza ulenje wotere m'buku lace la Guy Mannering la 1815, ndipo William Scrope, munthu wolemera wokonda kuwedza, anaulemba mwatsatanetsatane m'caka ca 1843, pakuti iye yemwe ankapita nao. Usiku umodzi wokha ankapha nsomba makumi ambiri, ndipo m'nyengo ya cisanu zambiri zinali zodzala ndi mazira.

Pamene nsomba zotere zinali za ndiwo ya pakhomo, mtsinje unkapirira. Cimene cinasintha zinthu ndi malonda. Ca m'ma 1786 George Dempster, mmodzi wa a ku Nyumba ya Malamulo, analangiza wamalonda wa ku Perth, John Richardson, kuti aziika salmon m'madzi oundana, amene tiwacha ayezi, monga ankacitira anthu a ku China. Tsono nsomba zinayamba kufika ku London ziri zaziwisi, mtengo unakwera, ndipo makoka ndi maukonde anacuruka m'mathiriro ndi m'magombe a nyanja. Nyumba yaikulu yosungiramo ayezi imene anamanga m'caka ca 1830 pa Tugnet, kumathiriro a mtsinje wa Spey, ikalipo ndi lero. Pa nthawi yomweyo mafakitale a nsalu anachinga mitsinje ndi makoma, nathiramo madzi oipa. Ndipo cinthu coipa cipweteka koposa pamene madzi ousungunula ali ocepa. Ku England, mtsinje wa Thames unatayiratu salmon zace ca m'ma 1830.

M'zaka zomwezo John Shaw, wosunga nyama za mwini dziko ku Drumlanrig pa mtsinje wa Nith, anaswetsa mazira a salmon m'madamu aang'ono, nalera anawo. Anatsimikiza kuti tinsomba tamawangamawanga timene ana ankawedza todzaza madengu, timene anthu ambiri ankayesa mtundu wina, tinali ana a salmon. Apo boma linaona kuti nsombayi irikuphedwa pa msinkhu uli wonse. Lamulo la mtsinje wa Tweed la 1857 linaletsa mkondo uja. La ku England ndi Wales la 1861 linaletsa miuni ndi mikondo. La ku Scotland la 1862 linaika maora 36 a mpumulo pa sabata iri yonse, nilikhazikitsa mabungwe oyang'anira mitsinje, okhala ndi mphamvu yolemba alonda.

Tisaganize kuti onse anakondwera. Ku Scotland ufulu wosodza salmon ndi cuma ca munthu, cogulidwa ndi kugulitsidwa monga munda. Poyamba unali wa mfumu, imene inaugawira eni maiko. Anthu osauka a kumtunda kwa mtsinje ankafunsa kuti: nsombazi zibadwira pakhomo pathu, nanga bwanji eni makoka a kunsi azipha zikwizikwi, ife titaletsedwa ngakhale imodzi? Ndiponso zambiri zinkawafika kumtundako nyengo yoletsedwa itayamba kale. Cifukwa cace ambiri sanaleke, ankapita mozemba, ndipo ndeu za usiku pakati pa iwo ndi alonda zinatengera ambiri kundende. Itatha nkhondo yaikulu yaciwiri kunabuka cinthu coopsa koposa mkondo. Magulu a anthu a m'mizinda ankadza pa galimoto usiku, nathira m'dziwe ufa wa poizoni wochedwa Cymag, wopangidwira kupha akalulu m'mauna. Inu amene mudziwa katupe mudziwanso kuti mankhwala otere afuna madzi ocepa, ndi kuti sasankha: apha zazikulu ndi ana omwe. Lamulo la 1951 linaika cilango colimba pa poizoni, mabomba ndi magetsi, niliwonjeza mpumulo wa makoka kufika maora 42. M'caka ca 1988 anauwonjezanso kufika maora 60.

LUSO LA ARTHUR WOOD

Mkondo utaletsedwa, munthu wofuna salmon kumtunda kwa mtsinje anatsala ndi ndodo, cingwe ndi mbedza. Apa pali codabwitsa, pakuti nsomba imene siidya imati nthawi zina nkugwira nyambo. Asodzi ena ati ndi mkwiyo, ena ati ikumbukira tizirombo timene inkadya iri yaing'ono. Nyambo yace ndi mbedza yomangidwa nthenga ndi ulusi, ndipo m'zaka za m'ma 1800 ankaipanga yaikulu, yonyezimira ndi nthenga za mbalame za maiko akutali, naimiza pansi ndi cingwe colemera. Pa madzi ambiri ndi ozizira njirayi inkagwira nchito. Koma pa madzi ocepa ndi oyera nsomba inkaithawa, mbedza nkumakodwa m'miyala, ndipo asodzi ambiri ankangopacika ndodo zao, nayang'ana kumwamba kudikira mitambo.

Amene anasintha zimenezi ndiye Arthur Wood. M'caka ca 1903, ali ku Ireland, anaona salmon zimene zinakana nyambo zonse zomira zirikudzuka kudzagwira kanyambo kakang'ono kolendewera pamwamba peni peni pa madzi. Kuyambira 1913 kufikira imfa yace mu 1934 anawedza pa Cairnton, pa mtsinje wa Dee kumadzulo kwa Aberdeen, nakonza njira yatsopano. Cingwe cace ca silika ankacipaka mafuta kuti ciyandame. Nyambo yace inali yoonda, ya nthenga zowerengeka, pa mbedza yopepuka. Nthawi zina ankayesa mbedza yopakidwa utoto wokha, yopanda nthenga konse, ndipo nsomba zinkagwira. Ataponya, ankanyamula pakati pa cingwe nakuika cakumtunda, kuti liwiro la madzi lisakoke nyambo, koma iyende pang'onopang'ono monga kanthu kotengedwa ndi mtsinje. Nsomba ikadzuka sankathamangira kukoka. Ankaileka itembenuke, mbedza ndi kudzikola yokha pambali pa kamwa.

Wood ankayesanso kutentha kwa madzi ndi kwa mphepo tsiku ndi tsiku. Pa zoona zace ndi za anzace panacokera lamulo limene asodzi asunga kufikira lero, lakuti madzi akaposa madigiri 48 pa muyeso wa Fahrenheit, ndiwo ngati 9 pa muyeso wa Celsius, ndipo mphepo ikakhala yofunda koposa madziwo, nsomba ikhoza kudzukira nyambo yaing'ono ya pamwamba. Madzi akanka nacepa, nyambo nayonso icepe. M'zaka zace za pa Cairnton anagwira salmon 3,490, ndipo njira yace inalembedwa m'buku m'caka ca 1935. Motero nyengo imene kale inali ya mkondo inasanduka nyengo ya munthu wodekha, woyenda monyang'ama, wosankha mbandakuca ndi cisisira m'malo mwa dzuwa la paliwombo.

ASODZI A USIKU

Trout ya m'nyanja ifuna kudekha koposa apo, pakuti pa madzi ocepa igwidwa makamaka usiku. Ku Wales, kumene aicha sewin, asodzi a pa mitsinje ya Teifi ndi Tywi akhala akuisodza kuyambira kalekale m'timabwato tobulungira, tolukidwa ndi timitengo ndi kukutidwa cikopa kapena nsalu ya phula, topepuka kwakuti munthu akabereka kumsana. Atsika awiriawiri mumdima, ukonde uli pakati pao.

Kuwedza kwa ndodo usiku kunafotokozedwa bwino ndi Hugh Falkus, amene anakhala m'mbali mwa kamtsinje ka Esk ku Cumberland, kumpoto kwa England, natulutsa buku lace la nsombayi m'caka ca 1962. Msodzi wotere ayendera dziwe masana, ali cobisala, kuti adziwe pamene pali nsomba, miyala ndi nthambi zokola cingwe. Madzulo akhala pansi kutali ndi madzi, osaponya kufikira mdima utagwiradi, pakuti woyamba msanga aononga usiku wonse. Muuni suloledwa kuwalira pa madzi. Maora oyamba nsomba zitsikira kumcira kwa dziwe, kumene madzi ali osaya ndi osalala, ndipo zigwira nyambo ya pamwamba. Pakati pa usiku zikhala cete, mtsinje nuoneka ngati wopanda kanthu, ndipo apa ambiri ankapita kukagona. Falkus anaonetsa kuti nsomba sizinacoke, zangotsikira pansi. Pamenepo msodzi amiza nyambo yaitali ndi yoonda, naikoka pang'onopang'ono. Kapena, mdima ukakhala wa ndiwe yani, akoka kanthu koyandama kolemba mzere pamwamba pa madzi. Zazikulu zambiri zigwidwa m'maora amenewa. Kunena zoona, kuona maso a nkhono nkudekha.

NSOMBA ZICEPA, DZUWA LIKULA

Pamene asodzi a ndodo anali kukometsa luso lao, mabvuto ena anabuka kutali ndi mitsinje. Malo odyera salmon kufupi ndi Greenland atadziwika, zombo zinapita kukachera maukonde kumeneko, ndipo m'caka ca 1971 cokha zinagwira matani pafupifupi 2,700. Scotland inali italetsa kale maukonde oyandama m'nyanja zace mu 1962, koma nsomba siidziwa malire. Cifukwa cace maiko anapangana, nakhazikitsa bungwe la NASCO, limene linayamba nchito mu 1984 ndi likulu lace ku Edinburgh. Ca m'ma 1989 trout ya m'nyanja inagwa mwadzidzidzi kumadzulo kwa Ireland, ndipo zoterezi zinaonekanso ku Loch Maree, kumadzulo kwa Scotland. Ophunzira ambiri aloza nsabwe za m'madzi zimene zicurukana m'makola oweteramo salmon m'nyanja.

Nayo mitsinje inayamba kutentha. Pa cilala ca 1976 salmon zambiri zinafa mumtsinje wa Wye, wa kumalire a England ndi Wales, mpweya utatha m'madzi ofunda. Madzi akaposa madigiri 23 a Celsius salmon isautsika kwambiri, ndipo akatswiri a boma la Scotland anawerengera kuti m'nyengo ya dzuwa ya 2018 mitsinje 7 mwa 10 iri yonse ya dzikolo inafika pamenepo. Mapiri ambiri a kumeneko ali opanda mitengo, cifukwa ca nkhwangwa za makolo ndi msipu wa nkhosa ndi agwape, kotero timitsinje toberekeramo nsomba tiribe mthunzi. M'caka ca 2020 oyang'anira mtsinje wa Dee, womwe uja wa Arthur Wood, anayamba nchito yobzala mitengo miliyoni imodzi m'magombe mwace. Kuyambira 2016 boma linaletsa kupha salmon m'magombe a nyanja, ndipo nsomba zoposa 9 mwa 10 ziri zonse zogwidwa ndi mbedza m'Scotland zibwezedwa m'madzi zamoyo. Ngakhale ziri conco, mu Disembala 2023 bungwe la IUCN linalemba salmon ya ku Britain pakati pa zamoyo zimene ziri pangozi ya kutha.

Tsono onani kumene mbiri yafika. Nsomba yolimbana ndi mbedza m'madzi ofunda ikhoza kufa ngakhale aibweze. Cifukwa cace pa mitsinje yambiri alangiza tsopano kuti madzi akafika madigiri 20 kuwedza kulekeke. Adzukulu a anthu amene anaphunzira kunyenga salmon pa madzi ocepa alikuphunzira cinthu cobvuta koposa: kuiona iri gone m'dziwe, ndodo iri m'manja, ndi kuisiya.

MPASA WA KWATHU

Ena a inu mwayamba kale kuganiza za mpasa, ndipo simunalakwe. Azungu atauona anaucha salmon ya m'nyanja ya kuno, cinkana suli pa cibale ndi salmon, cifukwa makhalidwe ace ngofanana. Mpasa upezeka m'Nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yothiramo basi. Ukulira m'nyanja, nukwera mitsinje monga Bua, Linthipe, North Rukuru ndi Songwe kukaikira mazira pa nsangalabwi zoyera, ndipo kuikirako kupitirira kulowa m'cilimwe, madzi alikucepa. Adani ace ndi omwe aja: mpanda wotseka mtsinje wonse, ukonde wa pa mathiriro, katupe m'dziwe, ndi dothi lokokoloka m'minda ya m'magombe odulidwa mitengo, limene likwirira nsangalabwi ndi kupha mazira. Mtsinje wa Bua wasunga mpasa makamaka cifukwa upyola m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Akuluakulu a kunyanja akumbukiranso nchila, imene inali nsomba yocuruka ya malonda, yokweranso mitsinje kukabereka, koma inagwa m'zaka za m'ma 1960.

Anthu a ku Scotland anapeza yankho lao pang'onopang'ono, ndi milandu yambiri, ndipo mwina alipeza mocedwa. Mbiri yao itiphunzitsanso kuti lamulo limene anthu a m'mbali mwa mtsinje aliona ngati lokondera olemera silisungidwa, ngakhale alonda acuruke. Koma mutu wa yankholo ngwapafupi, ndipo mfumu iri yonse ya mudzi ikhoza kuugwiritsa nchito: pakati pa mpanda pakhale mpata, m'sabata mukhale masiku a mpumulo, m'dziwe musalowe mankhwala, ndipo m'gombe musiyidwe mitengo. Nsomba yopulumuka pa cilimwe ndiyo idzadzaza madengu a ana athu.